Mabwalo a olemba pamanja: kuchokera ku Baghdad kufika pamsika wa Zomba

M'mwezi wa Ramadhan ambiri a ife timatsegula Msahafu kawirikawiri kuposa miyezi ina yonse, choncho ndi nthawi yabwino yoganizirako za anthu amene amapanga zilembo ndi manja awo. Ena mwa iwo ndi alembi otchuka a m'mbiri ya Chisilamu. Ena ndi amisiri a m'tauni mwathu muno mu Zomba, amene amakwera pamakwerero ndi chitini cha penti n'kulemba dzina la golosale, la chigayo, la butchala, la telala kapena la sukulu yamkaka. Ntchito yawo timaiwerenga tsiku ndi tsiku, pa depoti, kumsika, ngakhale m'msewu wokwera kuphiri, koma kawirikawiri sitifunsa kumene anaiphunzira.

Tikalondola mbiri, yankho lake limafanana m'maiko onse. Luso lolemba bwino limakula pamene alembi akukhala pamodzi, wina n'kumaona dzanja la mnzake, wamkulu n'kumakonza zimene wamng'ono walakwitsa. Malo okumanawo ndi amene tikuwatcha mabwalo m'nkhani ino. Bwalo likakhalapo luso limapita kwa ana, likabalalika luso limatha ndi eni ake. Tiona mmene zinayendera kunja, kenako tibwerere kwathu kuno, kumene kunakula mabwalo awiri a zilembo amene anakhala moyandikana zaka zambiri osadziwana.

Akaidi a ku Badr ndi alembi a ku Madinah

Nkhondo ya Badr inachitika pa 17 Ramadhan m'chaka chachiwiri cha Hijra, chimene ndi 624. Mabuku a mbiri amasimba kuti ena mwa akaidi a ku Makkah amene analibe chuma chodziombolera, koma ankadziwa kulemba, anauzidwa kuti aliyense aphunzitse ana 10 a ku Madinah, ndipo akatero amasulidwa. Nthawi imeneyo odziwa kulemba anali ochepa kwambiri, ndipo Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anaona kuti mphunzitsi mmodzi wokhala pakati pa ana ndi wamtengo wofanana ndi dipo.

Qur'an inkalembedwa pa zikopa, pa mafupa a mapewa a ngamira, pa miyala yopyapyala ndi pa nthambi za mitende. Oloweza ambiri ataphedwa pa nkhondo ya Yamama, Khalifa Abu Bakr anapatsa Zaid bin Thabit ntchito yosonkhanitsa zolembedwazo. M'nthawi ya Khalifa Uthman, cha m'ma 650, Zaid sanasiyidwe yekha. Anamuphatikiza ndi Abdullah bin Zubair, Said bin al-As ndi Abdurrahman bin al-Harith, kuti akopere pamodzi mabuku otumiza kumizinda ikuluikulu. Tingati bwalo loyamba la alembi a Chisilamu linali limeneli, ndipo linakhazikitsa mwambo umene unakhalitsa: cholembedwa chofunika chizidutsa m'maso mwa anthu angapo chisanatuluke.

Msika wa alembi ku Baghdad

Luso lopanga mapepala linachokera ku China, linadzera ku Samarkand, n'kufika ku Baghdad chakumapeto kwa zaka za m'ma 700. Pepala litatchipa, panabadwa ntchito ya anthu otchedwa ma warraq, amene ankagulitsa mapepala ndi inki, kukopera mabuku pamanja ndi kuwasoka. Wolemba mbiri al-Yaqubi, wa m'zaka za m'ma 800, ananena kuti msika wawo ku Baghdad unali ndi masitolo oposa 100. Anthu ankapitako kukagula, komanso kukakhala pansi, kuwerenga, kutsutsana ndi kuonerera mmene katswiri akusongolera bango. Ibn al-Nadim, amene cha m'ma 987 analemba al-Fihrist, ndandanda ya mabuku a Chiarabu amene ankawadziwa, anali mmodzi wa ma warraq amenewa.

Mumzinda womwewo munachokera Ibn Muqla, amene anamwalira mu 940. Anakhala nduna yaikulu ya makhalifa katatu konse, ndipo ndale zitamutembenukira anadulidwa dzanja lamanja. Chimene anasiya ndi muyeso. Anaphunzitsa kuti chilembo chilichonse chiziyezedwa ndi kadontho kamene nsonga ya bango imapanga ikagunda pepala: alif akhale wotalika madontho akutiakuti, ndipo zilembo zina zizitengera kutalika kwa alif ndi mzere wozungulira umene alif ali pakati pake. Muyeso utapezeka, mphunzitsi anatha kuuza wophunzira pamene walakwitsa, osangoti "sizikuoneka bwino".

Wotsatira wake wotchuka anali Ibn al-Bawwab, dzina lotanthauza mwana wa mlonda wa pakhomo, amene anamwalira mu 1022. Olemba mbiri yake amati asanakhale mlembi ankagwira ntchito yokongoletsa makoma a nyumba za anthu ndi utoto. Amisiri athu a zikwangwani ayenera kuimva nkhani imeneyi: mmodzi wa alembi akuluakulu a Qur'an anayambira pakhoma ndi burashi. Msahafu umene analemba ku Baghdad m'chaka cha 391 Hijra, cha m'ma 1000, udakalipo mpaka lero ku Chester Beatty Library mumzinda wa Dublin.

Ijaza ya ku Istanbul

Ku Turkey ya ma Ottoman bwalo la alembi linali ndi malamulo ake. Wophunzira ankapita kwa mphunzitsi sabata ndi sabata atanyamula mzere umene wakopera. Mphunzitsi ankakonza pansi pa chilembo chilichonse cholakwika, n'kumubweza kuti akayesenso. Zimenezi zinkatenga zaka. Akakhwima, ankalemba chikalata chimodzi mwaluso lake lonse, ndipo pamsonkhano wa alembi, umene kawirikawiri unkachitikira mumzikiti, mphunzitsi wake ndi akatswiri ena ankalembapo umboni wawo. Chikalatacho ndicho ijaza. Wopanda ijaza sankaloledwa kusaina dzina lake pansi pa ntchito.

Mwa njira imeneyi luso linayenda kuchokera kwa Sheikh Hamdullah, amene anamwalira mu 1520, kufika kwa Hafiz Osman, amene anamwalira mu 1698. Za Hafiz Osman amasimba kuti ngakhale ankaphunzitsa mfumu, anapatula tsiku limodzi pasabata lophunzitsa ana a anthu osauka kwaulere. Alembi amenewa sankalemba m'mabuku mokha. Matabwa ozungulira asanu ndi atatu amene apachikidwa mu Hagia Sophia, lililonse lotambalala mamita 7.5, analembedwa ndi Mustafa Izzet Efendi pamene nyumbayo inkakonzedwa pakati pa 1847 ndi 1849. Imeneyo ndi ntchito ya chikwangwani ndithu, yoti iwerengedwe ndi munthu amene waima patali.

Pa 1 November 1928 boma la Turkey linalamula kuti chinenero chawo chizilembedwa ndi zilembo za Chilatini. Alembi ambiri ntchito inawathera. Mmodzi wa amene anapirira ndi Hamid Aytaç, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1891 mpaka 1982. Anali ndi kasitolo ku Istanbul kumene ankapezera chakudya polemba makadi ndi zizindikiro za malonda, uku akuphunzitsa ochepa amene ankabwerabe. Ophunzira akewo ndi amene anadzutsanso lusoli, ndipo bungwe la IRCICA litayambitsa mpikisano wa alembi a dziko lonse m'zaka za m'ma 1980, woyamba anautcha dzina lake. Mu 2021 UNESCO inaika luso lolemba Chiarabu pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Bwalo la pakhonde la kwathu

Zilembo za Chiarabu zinafika m'dziko muno zisanafike za Azungu. Zinabwera ndi amalonda a Chiswahili monga Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, komanso ndi maulendo a Ayao opita ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Mfumu Makanjira inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena a Chiyao anatsatira. Chimodzi mwa zimene mafumu ankafuna chinali mlembi, woti azilemba makalata a malonda ndi a ubale m'Chiswahili cha zilembo za Chiarabu. Makalata a mtundu umenewu, ochokera kwa mafumu a kumpoto kwa Mozambique, akusungidwa mpaka lero kumalo osungira zakale a boma ku Maputo. Ansembe a White Fathers amene anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891 anapeza kuti m'mudzimo muli kale masukulu a Qur'an oposa 10.

Ayao anakhazikika kuzungulira phiri la Zomba cha m'ma 1860, pansi pa mafumu monga Malemia, Mlumbe ndi Kuntumanji, ndipo Chisilamu chinafalikira m'midzi yawo m'zaka zotsatira. Mashehe awiri amene amatchulidwa kwambiri pa kufalitsa maphunziro ndi Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anaphunzira ku Kilwa n'kumwalira mu 1930, ndi wophunzira wake Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene anamwalira mu 1959. Anafunzi awo ankakhala pakhomo pa shehe, kumulimira, kuyenda naye m'midzi, ndipo akamaliza ankakatsegula madrasa awo.

Sukulu yake inali khonde kapena mthunzi wa mtengo. Mwana ankakhala ndi thabwa losalala, limene akuluakulu amalitcha ubao potengera Chiswahili. Cholembera chinali bango losongola, inki inali mwaye wosakaniza ndi madzi ndi utomoni. Mwalimu ankayamba kulemba yekha, mwana n'kumatsata, mpaka atayamba kulemba zimene akumva. Akaloweza, ubao ankautsuka n'kulembapo phunziro lina. Popeza mabuku osindikiza anali osowa, wofuna kitabu ankabwereka kwa mnzake n'kukopera. Motero kuwerenga ndi kulemba zinkayendera limodzi.

Twarika ya Qadiriyya itafalikira, makamaka Sheikha Mtumwa binti Ali atabwera nayo ku Nkhotakota kuchokera ku Zanzibar mu 1929, alembi anapeza ntchito inanso: zikalata za ijaza zokhala ndi mndandanda wa mashehe, ndi mbendera zolembedwa Chiarabu zonyamula pa ziyala. Asilamu a dziko lino akhala akusiyana maganizo pa miyambo ina ya twarika, ndipo nkhani ino sikuweruza mkanganowo. Chimene tikuona n'chakuti pamisonkhano imeneyo mashehe ndi anafunzi a madera osiyana ankakumana, ndipo zolemba za wina zinkafika m'manja mwa wina.

Bwalo la ku Boma

Nthawi yomweyo, m'munsi mwa phiri lomweli, munkakula bwalo lina. Mishoni ya Church of Scotland inatsegulidwa ku Domasi mu 1884 ndi Alexander Hetherwick. Mu 1886 John Buchanan anayamba kumanga nyumba ya kazembe wa Britain pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, imene pambuyo pake inadzakhala hotela ya Masongola. Mu 1891 Harry Johnston anasankha Zomba kukhala likulu la boma lachitsamunda, ndipo inakhala likulu mpaka 1975 pamene Lilongwe inatenga malo.

Likulu limadya zilembo. Pankafunika makalaliki olemba mabuku a msonkho, otanthauzira kukhoti, ndi anthu olemba mayina a maofesi pazitseko. Mu 1894 makina osindikizira a boma ku Zomba anayamba kutulutsa nyuzi ya British Central Africa Gazette, ndipo oyala zilembo zake anali Aafirika ophunzitsidwa kumishoni. Ngakhale makina analipo, dzanja linali mboni yomaliza. Mu 1898 masitampa a kobiri limodzi atasowa, boma linadinda ena apangozi m'dziko momuno, ndipo oyambirira ake mkulu wa positi, J. T. Gosling, ankalemba zilembo za dzina lake kumbuyo ndi dzanja kuti asapangidwe achinyengo. Chipilala cha asilikali a King's African Rifles, chimene chili pafupi ndi Cobbe Barracks, chili ndi mayina oposa 1,000 a amene anafa pankhondo yoyamba ya dziko lonse. Wowerenga mayinawo mofatsa apezapo ambiri a Chiyao, olembedwa m'zilembo za Chizungu monga mmene makalaliki a usilikali anawamvera.

Apa ndi pamene mabwalo awiri aja anapatukana. Pafupifupi masukulu onse ophunzitsa zilembo za Chilatini anali a mishoni, ndipo makolo ambiri a Chisilamu sankatumizako ana poopa kuti akasiya chipembedzo. Mantha awo anali ndi chifukwa, koma mtengo wake unali waukulu. Ntchito za ukalaliki, za kusindikiza ndi zina zofuna zilembo za Chizungu zinapita kwa ophunzira a mishoni, pamene Asilamu ambiri analowa utelala, usodzi, malonda, ukhukhi ndi usilikali. Munthu wotha kukopera kitabu chonse cha Chiarabu ankawerengedwa ngati wosaphunzira pamaso pa boma.

Zaka zimene makoma analembedwanso

Wolemba zikwangwani wa m'tauni anakula ndi malonda. Amalonda a Chimwenye anatsegula masitolo mu Zomba kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo m'zaka za m'ma 1970, boma la Dr Banda litawachotsa kumidzi, Zomba inali imodzi mwa matauni anayi kumene analoledwa kuchita malonda, pamodzi ndi Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Sitolo iliyonse inkafuna dzina pamwamba pa khonde, lole iliyonse inkafuna dzina la mwini wake pachitseko.

Kusintha kwa dziko kunkabweretsanso ntchito. Pa 6 July 1964 Nyasaland inakhala Malawi. Mayina a malo anasintha: Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje, Cholo inayamba kulembedwa Thyolo. Mu 1971 kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni, ndipo mitengo yonse yolembedwa pamatabwa inafufutidwa. Chichewa chitakhala chinenero cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo linkagwirira ntchito mu Zomba muno, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Ngakhale kuphiri kuli malo amene mayina awo anabwera ndi alendo n'kufuna zikwangwani: Queen's View, pokumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965.

Mu March 1992 ophunzira a Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba kugwirizana ndi kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula boma. Pa riferendamu ya 14 June 1993 anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo chisankho cha 17 May 1994 chinabwera ndi mitundu ya zipani pansalu ndi pamakoma. Chaka chomwecho sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anachuluka kuposa mabuku, ndipo m'masukulu ambiri khoma lenilenilo linasanduka buku, lojambulidwa zilembo, manambala ndi mapu. Kenako kunabwera mauthenga a Edzi, a katemera, a ukhondo, ndi penti yofiira ndi yobiriwira ya makampani a foni pamagolosale.

Amisiri a ntchito zimenezi ambiri amaphunzira monga anafunzi a pakhonde aja. Mnyamata amayamba ndi kunyamula makwerero, kutsuka maburashi ndi kupaka penti yoyamba. Kenako amaphunzira kuyeza khoma, kumenya mzere ndi chingwe chopaka choko, kugawa malo kuti mawu asathere pakona, ndi kusungunula penti kuti isayenderere. Amayamba kudzaza mkati mwa zilembo zimene bwana wake wajambula, ndipo patapita nthawi amaloledwa kujambula zake. Chovuta kwambiri ndi mpata wa pakati pa zilembo, chifukwa rula siithandiza: A ndi W zikayandikana zimafuna mpata wosiyana ndi wa M ndi N, ndipo diso lokha ndilo limadziwa. Bwalo lawo ndi khonde la sitolo ya penti, mthunzi wa pafupi ndi msika, ndi ntchito yaikulu imene mmisiri mmodzi sangathe yekha n'kuitana anzake.

Dziko lathu lilinso ndi chitsanzo cha bwalo lokhala ndi dzina. Nolence Mwangwego anayamba kupanga zilembo zakezake zolembera zinenero za Malawi mu 1979 ndipo anazionetsa poyera mu 1997. Oyamba kuzidziwa anawaphunzitsa yekha maso ndi maso, iwo n'kuphunzitsa ena, mpaka anapanga kalabu ya ophunzira. Zilembo zatsopano nazonso zinafuna anthu okhala pamodzi kuti zikhale ndi moyo.

Makina atabwera

Kumaiko a Azungu amisiri a utoto anali ndi mabungwe awo kuyambira kale. Ku London magulu awiri a opaka utoto anaphatikizana mu 1502 kupanga bungwe la Painter-Stainers, limene lilipo mpaka lero. Koma m'zaka za m'ma 1900 zikwangwani zapulasitiki ndi zamagetsi zinayamba kulanda malo, ndipo mu 1982 kampani ya Gerber ku America inatulutsa makina odula zilembo zomata motsogozedwa ndi kompyuta. Pasanathe zaka zambiri, munthu wosadziwa kugwira burashi ankatha kutulutsa chikwangwani tsiku limodzi.

Zisanafike pamenepo, mu 1975, anyamata ochepa ophunzira ntchitoyi mumzinda wa Denver anali atayamba kukumana madzulo. Anaona kuti njira zakale, monga kumata golide pagalasi, zikuiwalika, choncho ankafufuza mabuku akale n'kumayeserera limodzi. Anadzitcha Letterheads. Gululi lilibe pulezidenti, lilibe ofesi, lilibe ndalama ya umembala. Mmisiri aliyense angaitane anzake kumalo ake antchito kwa masiku angapo, aliyense abwere ndi maburashi, alembe pamodzi, asinthane ntchito, ndipo wodziwa aphunzitse wosadziwa. Misonkhano yotere inafalikira ku Britain, ku Ulaya ndi ku Australia. Mu 1993, m'katauni ka Allerton ku Iowa, ena mwa iwo anayamba mwambo wa Walldogs, wokumana m'tauni imodzi n'kulemba mbiri ya tauniyo pamakoma ake m'masiku ochepa. Makina sanachoke, koma lusolo linapulumuka chifukwa linapeza bwalo latsopano.

Kwathu kuno makinawo anafika mochedwerapo, koma tsopano ali m'tauni iliyonse. Nsalu zapulasitiki zosindikiza n'zachangu, zimatha kukhala ndi chithunzi, ndipo palibe chifukwa chozinyozera. Vuto lili pa mnyamata uja wonyamula makwerero. Bwana wake ntchito ikamachepa satenganso wophunzira, ndipo mzere wa aphunzitsi ndi ophunzira umadukira pomwepo.

Khoma la mzikiti

Malo amene mabwalo awiri a Zomba amakumana lero ndi khoma la mzikiti, chipata cha madrasa, chikwangwani cha kumanda ndi nsalu ya jalasa. Komiti ikafuna mawu a Chiarabu pakhoma, kawirikawiri imapeza mmisiri wodziwa penti koma wosawerenga Chiarabu, amene amajambula zilembo ngati chithunzi. Kapena imapita kwa wosindikiza amene kompyuta yake siinakonzedwere Chiarabu, zilembo n'kutuluka zoduka, zoyambira kumanzere. Amene amawerenga Chiarabu, nawonso, ambiri sanagwirepo burashi.

Kulakwitsa kwake si kwakung'ono. M'Chichewa, h mmodzi amasiyanitsa mphasa yogonapo ndi mpasa wa m'nyanja. M'Chiarabu ba, ta ndi tha zili ndi thupi limodzi, zimasiyana madontho okha. Liwu lakuti rahim, wachisoni, ndi lakuti rajim, wothamangitsidwa ku chifundo, amasiyana kadontho kamodzi pansi pa chilembo chachiwiri. Penti ikadonthera pamalo olakwika, khoma limanena zimene palibe Msilamu angafune kunena. Palinso nkhani ya nsalu zosindikizidwa ma ayah: msonkhano ukatha, dzuwa likaziwaula, zina zimakathera pofunditsa katundu kapena kudzala. Ubao wa makolo athu unkatsukidwa mosamala ndipo madzi ake sankatayidwa paliponse.

M'madrasa ambiri a masiku ano mwana amaphunzira kuwerenga kuchokera m'kabuku kosindikiza, amaloweza, amapambana mpikisano, koma ukamupatsa cholembera kuti alembe dzina lake m'Chiarabu amaima. Mabuku otchipa ndi dalitso limene makolo athu analibe, koma atichotsera chifukwa chimene iwo ankalembera. Kulemba tikakufuna tiyenera kukuikira nthawi mwadala.

Mbiri imene tayendamoyi ikusonyeza kuti bwalo silifuna chuma chambiri. Ku Madinah linali mkaidi ndi ana 10, ku Denver anyamata ochepa m'shopu madzulo, kwa Mponda khonde ndi thabwa. Komiti ya mzikiti uliwonse m'boma la Zomba ingathe kuitana anthu atatu tsiku limodzi: shehe kapena mwalimu wa dzanja labwino, mmisiri wa zikwangwani wa m'deralo, Msilamu kapena ayi, ndi ana a madrasa amene amakonda kujambula. Shehe aonetse maonekedwe oyenera a chilembo ndi malo a madontho, mmisiri aonetse kuyeza khoma ndi kugwira burashi, ana ayesere pamakatoni ndi pamatabwa. Mmisiri alipidwe tsiku lake, chifukwa luso ndi chakudya cha ana ake. Ndipo pakhale lamulo la Zaid ndi anzake aja: mawu a Chiarabu asakwere pakhoma kapena kupita kumakina asanawerengedwe ndi anthu awiri odziwa.

Makolo, m'nyumba zambiri muli zikwama ndi masutikesi a agogo mmene muli makope olembedwa pamanja, ma dua, makalata ndi mindandanda ya mashehe. Chiswe ndi chinyezi cha kuno kuphiri sizidikira. Atulutseni, muwaonetse ana, muwajambule pafoni, ndipo mufunse akuluakulu amene adakali moyo kuti analemba ndani ndipo anaphunzira kwa yani. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Malo osungira zakale a dziko lino, National Archives of Malawi, ali mu Zomba momuno, ndipo ndi oyenera kufunsidwa nzeru za kasungidwe ka mapepala akale.

Kwa inu ophunzira, masana a Ramadhan ndi aatali, ndipo pakati pa Dhuhr ndi Asr pamakhala nthawi. Dulani bango kudambo, mulisongole mopendeketsa nsonga, mupeze inki ndi pepala, mukhale awiri kapena atatu, muyambe ndi alif. Mzere woyamba udzakhota, ndipo mnzanu adzakuuzani pamene wakhotera. Allah alandire swaumu yathu, ndipo awachitire chisoni aphunzitsi onse amene anagwira dzanja la mwana polemba chilembo chake choyamba.